Lamba wa Kaputeni Chule

Kamphepo ndi mtsikana wosakhazikika. Kuyenda sakudziwa. Amangodziwa kuthamanga. Akamutuma kugolosale, amathamanga. Akamuitana kuti adzasambe, amathamanganso, koma kuthawa. N'chifukwa chake aliyense amamutchula Kamphepo.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake wamng'ono ayendenso.

Mlongo wakeyo amamutchula Kachule. Kachule ankakonda kudumpha. Ankadumpha pabedi. Ankadumpha pampando. Ankadumpha ngalande. Tsiku lina anadumpha kuchokera pampanda wa njerwa. Mpandawo unali wautali. Mwendo unathyoka.

Kuchipatala anamuika chikhakha. Chikhakhacho chinali choyera, cholimba ndi cholemera. Chinaphimba mwendo wonse. Kachule anakhala pabedi nthawi yaitali.

Kenako fupa linalumikizana. Adokotala anachotsa chikhakha.

"Mwendo wapola," anatero adokotala. "Tsopano uziyenda. Ukapanda kuyenda, mwendo ufooka. Ukafooka, udzagonanso kuchipatala kuno."

Koma Kachule sanayende. Ankaopa. Ankaopa kuti mwendo uthyokanso.

M'mawa Amayi ankati, "Kachule, tsika mwanangu. Ponda pansi."

"Mwendo wagona," ankatero Kachule. "Musaudzutse."

Masana Kamphepo ankabweretsa mpira. "Iwe, tiye panja tikasewere."

"Mwendo wagona. Musaudzutse."

Madzulo Amayi ankaika switi patebulo. "Kadzitengere wekha."

Kachule ankayang'ana switi. Ankameza malovu. Kenako ankati, "Mwendo wagona. Musaudzutse."

Ha, mwendo watulo bwanji umenewo!

Amayi ankangomunyamula. Kupita kubafa, ankamunyamula. Kupita pakhonde, ankamunyamula. Koma Kachule sanali khanda. Ankalemera ngati thumba la simenti. Msana wa Amayi unayamba kupweteka.

Abambo anali kutali. Iwo amayendetsa galimoto yaikulu ya katundu. Tsiku lobwerera kwa adokotala linali pafupi. Kamphepo anamva Amayi akuusa moyo kukhitchini. Anamva chisoni kwambiri. Sankafuna kuti Kachule akagonenso kuchipatala. Kachule akachoka, m'nyumba mumangoti zii.

Tsiku lina Kamphepo anapeza Kachule akujambula. Ankajambula munthu wa miyendo italiitali.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Kamphepo.

"Ndi Kaputeni Chule," anatero Kachule. "Ndi ngwazi, Achemwali. Amadumpha nyumba. Amadumpha mabasi. Amapulumutsa ana. Ndipo mwendo wake suthyoka."

"Suthyoka chifukwa chiyani?"

"Ali ndi lamba wamphamvu. Uyu, taonani. Ndi lamba wachitsulo. Amanyezimira. Kutsogolo kwake kuli chule wa maso asiliva."

Kamphepo anayang'ana chithunzi. Anayang'ananso mwendo wa Kachule.

"Nanga iwe utakhala ndi lamba ameneyu, ungayende?"

Kachule anaganiza. Anakanda m'mutu.

"Mwina," anatero.

"Mwina" ndi mawu aang'ono. Koma Kamphepo anali atatuluka kale pakhomo. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka.

Anathamangira kugolosale. Anapempha katoni yopanda kanthu. Anathamangira kuseri kwa golosale. Anatola zitsekerero za mabotolo. Anathamangira kukhitchini. Anapempha chivindikiro cha chitini cha mkaka.

"Ukufuna kuchita nazo chiyani?" anafunsa Amayi.

"Ndi mankhwala a mwendo!" anatero Kamphepo.

Amayi anangopukusa mutu.

Kamphepo anakhala pakhonde. Anadula katoni ndi sizasi. Anadula chidutswa chachitali. Anamata zitsekerero ndi guluu. Anazimata mondondozana, kuchokera uku mpaka uko. Pakati anamata chivindikiro chija.

Kenako anadula chule wa katoni. Anamumata pachivindikiro. Zitsekerero ziwiri zinakhala maso a chule. M'mbali monse anamatamo chingwe. Kumapeto anaboola, namangirira zingwe za nsapato.

"Ndamaliza!" anakuwa.

Anathamangira kuchipinda. Anaika lamba pabedi.

Kachule anamutembenuza. Anamununkhiza. Anamugogoda ndi chala.

"Achemwali, iyi ndi katoni."

"Ndi lamba!"

"Ndi katoni. Taonani, palembedwa kuti SOPO. Kaputeni Chule savala sopo."

Kamphepo anayang'ana. Zoonadi, panali palembedwa SOPO. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zofiira.

"Lamba weniweni amanyezimira," anatero Kachule. Anagona n'kufunda bulangete. "Mwendo wagona. Musaudzutse."

Kamphepo anatsala pang'ono kulira. Koma misozi isanatuluke, anakumbukira Azakhali.

Azakhali ndi mlongo wawo wa Abambo. Amapenta mageti. Amapenta mafelemu a mawindo. Amapentanso njinga zakale kuti zioneke zatsopano. Shedi yawo ili kuseri kwa msika.

M'mawa mwake Kamphepo anathamangira kushedi. Lamba anali m'manja.

M'shedi munkanunkha penti ndi parafini. Pashelefu panali zitini zambiri. Mabulashi anali m'botolo, mitu ili m'mwamba. Azakhali anali atavala ovolosi. Ovolosiyo inali ndi madontho a mitundu yonse.

"Azakhali! Azakhali! Ndithandizeni!"

"Pepa, pepa, puma kaye," anatero Azakhali. "Moni umusiyira ndani?"

"Mwadzuka bwanji, Azakhali? Ndikufuna penti wasiliva!"

Azakhali anaseka. Kamphepo anafotokoza zonse. Anafotokoza za mwendo wogona. Anafotokoza za Kaputeni Chule. Anafotokozanso za SOPO.

Azakhali anasiya kuseka. Anatenga lamba. Anamuyang'ana bwinobwino.

"Wapanga wekha?"

"Eee."

"Manja uli nawo, mwana iwe."

Azakhali anatsitsa kachitini pashelefu. Anakatsegula ndi msomali. Kamphepo anasuzumira. Penti wasiliva analimo, koma pansi penipeni. Akanakwana m'kasupuni ka tiyi.

"Mayo!" anatero Kamphepo. "Sakwana ameneyu!"

"Akwana," anatero Azakhali. "Ndipo atsala."

Kenako Azakhali anatsitsa chitini china. Chinali chachikulu. Munali penti wakuda. Anapatsa Kamphepo bulashi.

"Paka lamba yense."

"Wakuda?"

"Wakuda."

"Koma Azakhali, ndanena kuti wasiliva!"

"Ndamva. Makutu ndili nawo awiri. Paka."

Kamphepo anapaka. Anapaka katoni. Anapaka zitsekerero. Anapaka chingwe. Anapaka chule, ndi maso ake omwe. SOPO anasowa. Koma lamba anada bii ngati pansi pa poto.

"Taononga!" anatero Kamphepo. "Kachule akandiseka!"

"Tandiuza," anatero Azakhali. "Nyenyezi umaziona masana?"

"Ayi."

"Umaziona liti?"

"Kukada."

"Siliva nayenso ndi choncho. Amawala bwino pakuda. Tsopano tidikire kuti aume."

Kudikira! Kamphepo amadana ndi kudikira. Azakhali anaika lamba padzuwa. Kamphepo anathamanga kuzungulira shedi.

"Wauma?"

"Sanaume."

Anathamanga mpaka pampopi. Anabwerera.

"Wauma?"

"Sanaume."

Anaima ndi mwendo umodzi. Anaimba nyimbo zonse za kusukulu. Anauzira lamba ndi pakamwa mpaka masaya kupweteka.

"Wauma?"

"Mwana iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna maso a nkhono, Azakhali. Ndikufuna maso a chule!"

Azakhali anaseka chikhakhali. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Dzuwa litafika pamutu, Azakhali anakhudza lamba kumapeto. Chala sichinade.

"Wauma," anatero.

Kamphepo anadumpha.

Azakhali anasankha bulashi yakale. Ubweya wake unali wouma, wokakala. Anatenganso kasanza.

"Taonetsetsa," anatero. "Viika pang'ono, kunsonga kokha. Kenako pukuta pakasanza. Pukutanso. Pukuta mpaka bulashi ioneke ngati ilibe penti. Ukatero, sisita lamba. Sisita pang'onopang'ono, ngati ukusisita mwana wa mphaka."

"Koma penti yense athera pakasanza!"

"Wotsala m'bulashimo ndi amene tikumufuna."

Kamphepo analandira bulashi. Anaviika. Koma kupukuta anaona ngati kuchedwa. Anapita nayo palamba ili yonyowa.

Phwa!

Palamba panagwa chidontho chachikulu. Sichinkaoneka ngati chitsulo. Chinkaoneka ngati chitosi cha nkhuku.

Kamphepo anagwira pakamwa. "Azakhali, pepani!"

"Waona ntchito ya liwiro?" anatero Azakhali. Koma sanakalipe. Anapukuta chidonthocho. Anapakapo penti wakuda. "Apa pauma pokha. Iwe yambira uko. Ulendo uno uziimba."

"Ndiimbe chiyani?"

"Viika, pukuta, pukuta, sisita."

Kamphepo anayesanso. Anaviika kunsonga kokha. Anapukuta. Anapukutanso. Kenako anasisita chitsekerero chimodzi.

Timano ta chitsekerero tinawala. M'mizere munatsala mwakuda. Pamwamba panati ngwee!

"Azakhali! Chasanduka chitsulo!"

"Pitiriza."

"Viika, pukuta, pukuta, sisita!" anaimba Kamphepo.

Chitsekerero chachiwiri chinawala.

"Viika, pukuta, pukuta, sisita!"

Chachitatu chinawalanso.

Anasisita chingwe cha m'mbali. Chingwe chinaoneka ngati waya wopota. Anasisita m'mphepete mwa chivindikiro. Anasisita msana wa chule. Anasisita miyendo yake italiitali. Anasisita zala zake chimodzichimodzi.

Lilime la Kamphepo linali panja. Mapazi ake anali phee. Azakhali anali asanaonepo mapazi amenewo ali phee.

Pakona imodzi katoni inali itapindika. Kamphepo anadandaula.

"Apa pakuoneka ngati pophwanyika."

"Sisita pomwepo," anatero Azakhali. "Lamba wa ngwazi sakhala wosalala. Amakhala atagundidwa ndi mabasi."

Kamphepo anasisita popindikapo. Panawala kuposa pena paliponse. Panaoneka ngati chitsulo chimene chamenya nkhondo zambiri.

Bambo wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana anasuzumira.

"Chitsulo chokongola chonchi mwachitenga kuti?" anafunsa.

Anachinyamula ndi manja awiri. Ankaganiza kuti chilemera. Manja anangoti pepu, kukwera m'mwamba!

"Aaa! Ndi katoni?"

"Ndi sopo!" anatero Kamphepo. Iye ndi Azakhali anafa nazo nseko.

Tsopano panatsala maso a chule. Azakhali anasankha kabulashi kakang'ono, kofewa.

"Maso okha tiwapake penti wambiri," anatero. "Osapukuta. Adzaze mpaka pakamwa pa chitsekerero."

Kamphepo anadontheza penti m'diso loyamba. Anadontheza m'diso lachiwiri. Maso a chule ananyezimira ngati kalilole. Kamphepo anadziona m'menemo. Ndipo m'kachitini penti anatsalamo pang'ono, monga ananenera Azakhali.

"Tsopano mvetsera," anatero Azakhali. "Pena ponsepa pauma msanga. Koma masowa achedwa. Auma mawa. Wina asawakhudze. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndipo usathamange nawo. Penti angatayike."

Azakhali anaika lamba pathabwa. Kamphepo ananyamula thabwa ndi manja awiri.

Tsiku limenelo anthu a mumsewu anaona zachilendo. Anaona Kamphepo akuyenda. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi ili, kenako phazi ilo.

"Kamphepo, wadwala?" anafunsa mayi wogulitsa nthochi.

"Ayi, ndanyamula chule!"

"Kamphepo, mafuta atha?" anafunsa bambo wokonza nsapato.

"Ayi, ndanyamula chule!"

Miyendo inkamuyabwa. Inkafuna kuthamanga. Koma iye anaiuza kuti idekhe. Anafika kunyumba penti asanatayike ngakhale kadontho.

Analowa kuchipinda. Kachule anali pabedi, atafunda bulangete.

"Iwe, dzuka. Taona."

Kachule anasuzumira. Anadzuka n'kukhala tsonga. Kukamwa kunali yasa.

"Achemwali! Ndi yemweyo! Ndi lamba wa Kaputeni Chule!"

"Nanga SOPO ali kuti?"

"Palibe! Ndipatseni! Ndipatseni ndivale!"

"Ayi. Maso sanaume. Uvala mawa."

"Ndingokhudzako pang'ono."

"Ayi."

"Ndi chala chimodzi chokha."

"Ayi! Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Kamphepo. Ananena ndi mawu a Azakhali enieni.

Anayang'ana malo abwino oumitsira. Bedi linali kukhoma ili. Zenera linali kukhoma ilo, kutali ndi bedi. Pazenera pankapita kamphepo kabwino. Kamphepo anaika thabwa pamenepo. Dzuwa linawomba lamba. Kuwala kunavina kudenga.

Nthawi yomweyo Amayi anaitana ali panja.

"Kamphepo! Bwera udzandithandize kuanula zovala!"

Kamphepo anatuluka. Iye ndi Amayi anaanula zovala. Anapinda mashiti a pabedi, wina uku, wina uko. Anatola mapegisi amene anagwa pansi. Kamphepo ankangolongolola za lamba.

Atamaliza, anathamangira kuchipinda. Ankafuna kumuonanso lamba wake.

Kachule anali pabedi. Anali atafunda bulangete mpaka m'khosi. Anali atatsinzina kwambiri. Ankaliza mkonono. Koma mkonono wake unali wokayikitsa.

Kamphepo anafika pazenera. Anayang'ana chule. Anakuwa.

"Mayo ine! Maso!"

M'diso lililonse munali chidindo cha chala. Wina anali atapisamo chala. Diso ili chala, diso ilo chala.

Kamphepo anapsa mtima. Anapsa mtima zedi.

"Wakhudza lamba ndani?"

Mkonono unakula.

"Kachule! Wakhudza lamba ndani?"

Kachule anatsegula diso limodzi. "Mwina ndi mphaka."

"Tilibe mphaka!"

"Mphaka wa eni ake."

Kamphepo anayang'ana pakhoma. Pafupi ndi zenera panali tizidindo ta zala. Tinali tasiliva. Patsogolo pang'ono panali tina. Pakona ya tebulo panali tina. Pamsana pa mpando panalinso tina. Tizidindoto tinkanka tizilala. Tomaliza tinali pamutu pa bedi la Kachule.

Kamphepo anakoka bulangete. Zala za Kachule zinali zasiliva. Ngakhale pamphuno pake panali siliva.

"Mphaka wake ndi ameneyu!" anakalipa Kamphepo. "Ndasisita tsiku lonse, ine! Ndayenda ngati nkhono mumsewu! Anthu amandifunsa ngati ndadwala! Ndiye iwe ukapite pazenera, ukapise..."

Kamphepo anasiyira pomwepo.

Anayang'ana bedi. Anayang'ana zenera. Anayang'ananso bedi.

"Iwe," anatero motsitsa mawu. "Pazenera paja unafikapo bwanji?"

Kachule anaphethira. Anayang'ana zala zake. Anayang'ana mwendo wake.

"Ndina... ndinangopita."

"Anakunyamula ndani?"

"Palibe."

"Unakwawa?"

"Ayi. Lamba amanyezimira, Achemwali. Ndinangofuna kumuona pafupi. Ndinaiwala kuti mwendo wagona."

Mkwiyo wonse wa Kamphepo unathawa. Anadumpha m'mwamba. Anakuwa mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

"Amayi! Amayi! Bwerani! Mwendo wadzuka!"

Amayi anabwera akuthamanga. Dengu la zovala linagwera pakhomo.

"Chachitika n'chiyani? Wagwa?"

"Sanagwe! Wayenda! Taonani pakhoma!"

Amayi anaona khoma lawo loyera. Linali ndi tizala tasiliva. Tsiku lina akanakalipa mpaka madzulo. Koma Kamphepo anawagwira dzanja. Anawaonetsa tizala ta pazenera. Anawaonetsa ta patebulo. Anawaonetsa ta pampando. Anawafikitsa pabedi.

Amayi anakhala pansi. Anagwira pachifuwa.

"Mwanangu, wayenda wekha?"

"Eee, Amayi. Kupita ndi kubwera."

"Unamva kupweteka?"

Kachule anaganiza. "Pang'ono pokha. Ngati nyerere zikuyenda m'mwendo."

"Ndipo lamba sunavale n'komwe!" anatero Kamphepo. "Wayenda wopanda lamba!"

Kachule anadabwa. Zinali zoona. Lamba anali pazenera nthawi yonseyi.

Amayi anasunthira pakati pa chipinda. Anagwada. Anatambasula manja.

"Tabwera kuno, ndione ndi maso angawa."

Kachule anatsitsa phazi limodzi. Anatsitsa linzake. Anagwira bedi. Kenako anasiya bedi. Anayenda dzandidzandi.

"Imba!" anatero Kamphepo. "Ponda, puma, puma, suntha!"

"Ponda, puma, puma, suntha," anaimba Kachule.

Anafika. Anagwera m'manja mwa Amayi. Amayi anamukumbatira. Ankaseka uku misozi ili chuchuchu. Bulauzi yawo inadzaza tizala tasiliva. Sanadandaule.

Madzulo Azakhali anabwera kudzaona. Kamphepo anawaonetsa maso a chule.

"Aonongeka, eti?"

Azakhali anayang'anitsitsa. Pakati pa diso lililonse panali kabwalo kakuda. M'mbali mwake munali timizere ta chala.

"Aonongeka pati?" anatero Azakhali. "Poyamba chuleyu anali wakhungu. Tsopano akutiyang'ana."

Zoonadi, chule ankayang'ana. Ankaoneka ngati akufuna kudumpha.

Azakhali anatulutsa kabotolo ka parafini ndi kasanza. Anapukuta zala za Kachule. Anapukuta mphuno yake. Kenako anapita kukhoma.

"Alamu, ndikupukutireninso khomali?"

"Ayi, alamu!" anatero Amayi. "Musakhudze! Tizala timeneti tikhale pomwepo."

M'mawa mwake maso a chule anauma. Kamphepo anamanga lamba m'chiuno mwa Kachule. Anamanga zingwe kumbuyo. Kachule anagwira m'chiuno. Anatukumula chifuwa.

Anayenda mpaka kubafa. Anayenda mpaka pakhonde. Anayenda mpaka patebulo, n'kudzitengera switi yekha. Anatenga awiri. Mmodzi anapatsa Kamphepo.

Tsiku la kuchipatala, Kachule analowa kwa adokotala akuyenda. Lamba anali m'chiuno.

"Kodi bwana ndinu ndani?" anafunsa adokotala.

"Ndine Kaputeni Chule!"

Adokotala anapinda mwendo. Anauwongola. Anamwetulira.

"Kaputeni, bedi lanu kuno kulibe. Pitani kwanu. Koma mipanda muyambe mwaisiya."

Pobwerera, Kamphepo sanathamange. Anayenda pambali pa Kachule, phazi ili, kenako phazi ilo.

"Kamphepo, wanyamulanso chule?" anafunsa mayi wa nthochi.

"Ayi! Lero chule akuyenda yekha!"

Patapita masiku, galimoto yaikulu inaima panja. Abambo anafika. Analowa m'nyumba ndi chikwama chawo. Anapita kuchipinda kuti akaone Kachule. Pabedi panalibe munthu.

Abambo anaona khoma. Anaona tebulo. Anaona mpando. Anakwinya nkhope.

"Aaa! Wadetsa khoma langa ndani?"

Kuseri kwa chitseko kunamveka kuseka. Kamphepo anakankha chitseko. Kachule anatulukira. Lamba ankanyezimira m'chiuno mwake.

Anayenda osagwira khoma. Anayenda osagwira tebulo. Anayenda osagwira mpando. Anafika pamaso pa Abambo n'kudumpha kamodzi, pang'ono pokha.

"Ndine, Ababa!"

Chikwama cha Abambo chinagwa pansi. Ananyamula Kachule ndi dzanja ili. Ananyamula Kamphepo ndi dzanja ilo.

"Nditsitseni, Ababa," anatero Kachule. "Mwendo wadzuka. Musaugonekenso."